Woimba Amene Anapita Osaimbiridwa

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba pa nyumba ina ku Markham, kufupi ndi Toronto. Ndimawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, ndi kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Ndimakhala ku Brampton. Ulendo wake ndi wautali, koma ndinauzolowera. Anthu amene ndawasamalira ndi ambiri, ndipo ambiri a iwo anatisiya. Mmodzi yekha ndi amene ndinamulonjeza kanthu. Ndinalonjeza kuti tsiku la maliro ake tidzamuimbira.

Anali mayi a ku Australia. M'masiku awo ankasewera zisudzo za nyimbo, zija anthu amalankhula pang'ono kenaka n'kuyamba kuimba ndi kuvina, nkhani ikupitirira. Ine zisudzo zotere ndinali ndisanazionepo. Ndinkadziwa za ku sekondale ndi za pa wailesi basi.

Anabwera kwa ife atadwala sitiroko. Mkono ndi mwendo wa kumanzere zinali zitafa, mawu anali osasa, koma mutu unkagwira kuposa wanga. Tsiku loyamba ndinalowa m'chipinda chawo ndi beseni ndi thaulo. Tinkalankhula Chingerezi, koma ulemu ndinapereka wakwathu.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine si mayi wa munthu. Sindinabalepo."

Ndinawafotokozera kuti kwathu mkazi aliyense wamkulu ndi mayi.

"Ndiye kwanuko n'kotopetsa," anatero. "Talankhulanso."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Ndikufuna ndimve pamene mawu ako amatsikira."

Ndinanena kuti madzi azizira tikachedwa.

"Besi," anatero, kunena mawu anga okhuthala. "Umaimba?"

"Ku kwaya ya kutchalitchi."

"Zikumveka. Umapuma ngati munthu wothamangira basi."

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulepo dzina. Ankangoti Besi. Ine ndinapitiriza kuwatchula mayi, ndipo patapita nthawi anasiya kukana.

Pakhoma, moyang'anizana ndi bedi, panali chithunzi chimodzi. Mtsikana wa diresi lofiira ataima pa siteji, manja ali m'mwamba, kukamwa kuli yasa. M'kabati munali nsapato zasiliva zovinira, zokulungidwa m'malaya akale. Zinthu zina zonse m'chipindamo zinali za nyumba yathuyo.

Mbiri yawo sanandiuze tsiku limodzi. Inkabwera pang'onopang'ono, ndikuwapesa tsitsi kapena ndikuwaveka sokosi. Anabadwira m'katauni ka alimi a nkhosa, kotentha, kafumbi. Bambo awo anali ndi golosale. Iwo ankaimba mu holo ya tchalitchi, ndipo mphunzitsi wina anauza makolo awo kuti mwanayu asakalambire kuseri kwa kauntala. Anakwera sitima kupita ku Melbourne ndi sutikesi imodzi. Kumeneko anayamba ndi mzere wakumbuyo, wa ovina amene oonera sawayang'ana nkhope. Masana ankatsuka matambula m'hotela.

"Miyendo ndinali nayo," anatero. "Usayang'ane iyi. Iyi ndi ya munthu wina."

Kenaka anapita ku Sydney, n'kupatsidwa mbali yaikulu. Chithunzi cha pakhoma chija chinali cha nthawi imeneyo. Ankati nkhope yawo inali pa zikwangwani ndi pa mabasi, ndipo bambo awo anatseka golosale kwa nthawi yoyamba kuti akawaonere. Akamakamba zimenezi sankamwetulira. Ankazinena ngati munthu wopereka umboni.

Ku Toronto anabwera chifukwa cha chisudzo china chachikulu, cha zaka zija chisudzo chimodzi chinkatha kukhala m'tauni zaka zingapo, anthu n'kumabwera pa mabasi kuchokera ku America kudzachionera. Anzawo a ku Sydney anawaperekeza ku bwalo la ndege ndi maluwa. Onse ankadziwa kuti akukakhala mwini chisudzo. Atafika kuno anapeza kuti mbali ija yapatsidwa kwa mkazi wina wa dzina lotchuka. Iwo anapatsidwa ntchito yodikira.

Ndinafunsa kuti ntchito yodikira ndi yotani.

Anati umaphunzira mbali yonse ya mnzako, mawu aliwonse, phazi lililonse. Tsiku lililonse umabwera, kudzola, kukonza mawu, n'kukhala m'kachipinda ka kuseri. Pakhoma pamakhala kasipika, ndipo umamvera mnzako akuimba nyimbo zako. Akadwala, umalowa ndiwe. Akapanda kudwala, umapukuta nkhope n'kukakwera sitima ya pansi kubwerera kunyumba.

"Ndinkamupempherera chimfine," anatero. "Mulungu andikhululukire. Koma mkazi uja anali ndi mapapo a bulu."

"Simunalowepo?"

"Ndinalowapo. Kangapo."

Tsiku limene ankalikumbukira kwambiri linali la sinowo yambiri. Misewu inatsekeka, mnzawo uja analephera kufika, ndipo iwo analowa. Koma oonera nawonso analephera kufika. Holo inali yaikulu, anthu anali apa ndi apo ngati mbewu zomera m'munda wa chilala.

"Tsiku limenelo ndinaimba kuposa masiku onse a moyo wanga. Mipando inamva."

Chisudzo chija chisanathe, pakhosi pawo panamera kanthu. Anawachita opaleshoni. Mawu anabwerera, koma apamwamba aja anatsalira kuchipatala. Zitatero anaimbako m'sitima za pamadzi zonyamula alendo, anaimbako zotsatsa sopo pa wailesi, ndipo pomaliza ankaphunzitsa ana kuimba m'chipinda cha pansi pa nyumba ya lendi. Anakwatiwapo ndi munthu woyatsa magetsi a pa siteji. Ukwatiwo unatha mwamtendere, ndipo bamboyo anamwalira kalekale.

Tsiku lina ndinafunsa chifukwa chimene sanabwerere kwawo.

"Ndikabwerere ndi chiyani? Anandiperekeza ndi maluwa."

Sindinafunsenso. Nanenso kwathu ku Ntcheu anandiperekeza, ndipo sindinawauzepo bwinobwino ntchito imene ndimagwira kuno.

Alendo analibe. Poyamba ophunzira awo akale ankabwerako, kenaka ankangotumiza makadi pa Khirisimasi, kenaka makadiwo anachepa. Wachibale amene anatsala anali mmodzi, mwana wa mchimwene wawo, amene ankakhala ku Australia konko. Ankaimba foni mwa apo ndi apo. Iwo ankamunena bwino. Ankati ndi mwana waulemu, kungoti sawadziwa.

Chaka china kunachitika maliro a mayi wina wa ku Malawi ku Brampton, ndipo ndinapempha masiku angapo. Nditabwerera ndinapeza andikwiyira.

"Unali kuti? Anandipatsa mtsikana amene amapesa tsitsi ngati akusesa."

Ndinati ndinali ku maliro.

"Masiku onsewa? Anafa angati?"

Ndinawafotokozera mmene timachitira. Munthu akamwalira kuno, thupi limadikira ku mochale mpaka achibale a kumudzi atapeza viza ndi tikiti. Zimatenga masabata. Nthawi yonseyo anthu amasonkhana ku nyumba ya siwa akaweruka ku ntchito, kukhala ndi ofedwa, kuimba. Tsiku loika, tchalitchi chimadzaza. Timaimba potulutsa bokosi, timaimba panjira, timaimba potsitsa m'manda mpaka dothi litakwirira.

"Anthu onsewo mumawaitana bwanji?"

"Pa maliro saitana."

"Amangobwera?"

"Amangobwera."

"Opanda tikiti?"

"Opanda tikiti."

"Ndipo onsewo ankamudziwa mayiyo?"

"Ambiri sankamudziwa."

Anayang'ana pawindo. Ine ndinapitiriza kuwapesa.

"Holo yodzaza," anatero, "ndipo mwini wake safunika n'kutsegula pakamwa." Kenaka anatembenuza mutu. "Besi, ine ndikadzafa kudzakhala nesi mmodzi ndi munthu wokankha bedi. Udzabwere ndi anthu akowo."

"Tidzabwera, mayi."

"Usandiyankhe ngati ukuyankha wodwala."

Ndinaika chipeso pansi. Ndinazungulira n'kuima pamene angandione bwino, ndipo ndinabwereza mawu omwewo. Kwathu munthu wamkulu akakuuza za maliro ake, iwe n'kuvomera, nkhaniyo yatha. Sibwezedwa.

Kuyambira pamenepo anaigwira ngati ntchito. Ankandiuza kuti ndiwaimbire nyimbo zathu za maliro kuti asankhe. Ndinkaimba chapansipansi, chitseko chitatsekedwa, ndikuwadzoza mafuta m'miyendo. Mawu ake sankawamva, koma ankamva zonse zolakwika.

"Osakoka. Inu a tchalitchi mumakoka nyimbo ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola. Ndafa ine, osati nyimboyo."

Ankandigwira pamimba ndi dzanja lawo labwino lija.

"Mpweya uzichokera apa. Mapewawo atsike. Ayi, wawakwezanso. Mkazi wako amakupirira bwanji?"

Anasankha nyimbo ziwiri, ina yofatsa, ina yothamanga imene timaomba nayo m'manja. Anati yothamangayo ikhale yomaliza, ndipo azimayi a mawu apamwamba asachite manyazi. Ananenanso kuti adzavekedwe nsapato zasiliva zija, ngakhale mapazi anali atatupa.

Nkhaniyi ndinakaitula ku kwaya. Kwaya yathu ndi ya Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ndipo timaphunzira nyimbo Loweruka masana m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chimene timabwereka. Atcheya athu ndi mayi wina wa ku Mulanje, nesi pa chipatala china m'tauni. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mzunguyo ndi wa mpingo uti?"

"Alibe mpingo."

"Ana?"

"Alibe."

"Ndiye amulira ndani?"

"N'chifukwa chake ndabwera."

Bambo wina wa ku Chipata, amene amaimba tena, anaseka. "Manje a besi, ku ntchito kwanuko mwapezako chibwenzi? Tikauze amayi kunyumba?"

Onse anaseka, ngakhale mkazi wanga, amene nayenso amaimba m'kwayamo. Atcheya anadikira phokoso lithe, kenaka anati munthu saikidwa ngati nkhuku, ndipo tsiku likadzafika ndidzangowauza.

Lolemba ndinawauza mayi aja kuti kwaya yavomera.

"Ndi angati?"

"Tikakwana timadzaza mabenchi a kutsogolo. Koma pa maliro amabweranso ena."

"Pali amene amaimba mophonya?"

"Alipo mmodzi."

"Mudzamuike kumbuyo."

Anakhalabe ndi moyo chaka china chathunthu. Nthawi zina ankandifunsa ngati anthu anga akukumbukira. Ndinkati akukumbukira.

Kuzizira kutayamba anadwala chibayo. Anasiya kudya, ndipo nthabwala zinachepa. Lachisanu lina ndikuweruka ndinawatsanzika. Anatsegula maso n'kunena kuti, "Mapewa." Ndinawatsitsa. Loweruka ndi Lamulungu sindinali pa shifiti.

Lolemba ndinapeza chitseko chili chotsegula, bedi lopanda nsalu. Nesi wa m'mawa anandiuza kuti anamwalira Loweruka dzuwa litatuluka, ndipo a kampani ya maliro anabwera kudzatenga thupi tsiku lomwelo.

"Mwambo udzakhala liti?"

"Zimenezo ndi za achibale. Amudziwitsa kale wa ku Australia uja."

Yankho limenelo linandikwanira. Linkagwirizana ndi zonse zimene ndimadziwa. Mwini maliro ali kutali. Ayenera kupempha tchuthi, kugula tikiti, kuuluka ulendo wautali. Thupi lidikira. Ndipo mlendo sayambitsa mwambo mwini maliro asanafike. Sumufunsanso kawirikawiri kuti mukuika liti, chifukwa zimaoneka ngati ukumuthamangitsa, kapena ngati pali chimene ukufuna pa malemuyo. Umakonzeka, n'kudikira uthenga.

Ndinaimbira atcheya pa nthawi yopuma.

"Atisiya mayi aja."

"Pepani, abambo. Mwini wake afika liti?"

"Sitinamve."

"Ku Australia n'kutali kuposa kwathu. Timupatse nthawi. Ife tiyambepo kukonzeka."

Palibe mmodzi mwa ife amene anaganiza zina. M'kwaya mwathu muli anesi, muli owerengera chuma cha makampani, muli wina wophunzitsa ku koleji. Ena akhala kuno nthawi yaitali kuposa ine. Koma maliro onse amene tinapitako anali athu okhaokha. Ngakhale ine, amene ndaona okalamba ambiri akutulutsidwa pa khomo la kumbuyo, ndinali ndisanafunsepo kuti akatuluka amapita kuti. Ndinkangoti achibale awo akukachita zimene achibale amachita.

Tinayamba kukumana kawiri pa sabata. Ndinawauza zonse zimene malemu ananena, kuti tisakoke, kuti mawu apamwamba amveke. Atcheya anati, "Koma mayi ameneyu akutilamula ali ku mochale?" Komabe anakweza liwiro, ndipo nyimbo zija zinamveka mwina. Azimayi anasita mayunifolomu. Anagawana zophika, wina mpunga, wina nkhuku, wina mandasi. Amene amagwira ntchito m'nyumba zosungira katundu anayamba kusinthana mashifiti ndi anzawo kuti tsikulo lidzawapeze omasuka, ngakhale tsikulo sitinkalidziwa.

Tinakambirananso za mwini maliro. Munthu wofedwa sagona ku hotela yekha. Bwalo la ndege lili pafupi ndi Brampton, ndiye tinagwirizana kuti bambo wa ku Chipata uja akamutenge pa galimoto yake, ndipo adzafikire kwathu. Mkazi wanga anachotsa katundu m'chipinda cha mwana wathu wamwamuna amene anasamuka, n'kuyala zofunda zatsopano. Anandifunsa ngati anthu a ku Australia amadya tsabola. Ndinati sindikudziwa.

Ku ofesi ndinafunsako kamodzi. Mtsikana wa pa desiki anati sanamve kanthu, ndipo amanijala ali pa tchuthi. Ndinathokoza n'kutuluka.

Sabata inatha, ina inayamba. Chithunzi chija ndi nsapato zija zinaikidwa m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi zovala, thumbalo n'kukasiyidwa m'chipinda chosungira katundu. Ndinaganiza kuti likudikira mwini wake. Chipinda chinapakidwa penti. Kenaka munalowa bambo wina wokalamba amene salankhula. Zimenezi sizinandidabwitse, chifukwa mabedi kwathu kuntchito sakhalitsa opanda munthu.

Amanijala atabwerera, ndinagogoda pa chitseko chawo. Ndi mayi wabwino, sanandilankhulepo mwachipongwe. Ndinati ndabwera kudzamva za mwambo wa mayi a ku Australia aja, chifukwa kwaya yathu yakonzeka, ndipo tikufuna kudziwa tsiku limene wachibale wawo afike.

Anandiyang'ana modabwa. Kenaka anandiuza kuti ndikhale pansi.

"Thupi linawotchedwa sabata yomwe ija," anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Wachibale wawo anakonza zonse pa foni ndi a kampani ya maliro. Sipanakhale mwambo. Phulusa analitumiza pa ndege."

"Sanabwere?"

"N'kutali. Ambiri amachita choncho."

"Panali ndani powotchapo?"

"Nthawi zambiri sipakhala munthu. Ogwira ntchito okha."

Ndinawerenga m'mutu mwanga. Tsiku limene tinkayeserera koyamba nyimbo yothamanga ija, tikuomba m'manja, zonse zinali zitatha kale.

Ndinati malemu anandipempha kuti tidzawaimbire. Amanijala anati pepani kwambiri, iwo sanadziwe, ndipo wachibaleyo mwina sanadziwenso. Ndinapempha nambala yake. Anati sangapereke kwa munthu amene si wa m'banjamo. Ndinafunsa za nsapato. Anati thumba lija linapita ku sitolo ya zovala za kaunjika, monga wachibale ananenera, ndipo ngakhale likanakhalapo, ogwira ntchito saloledwa kutenga katundu wa okalamba. Anandiuza kuti kumapeto kwa chaka amayatsa makandulo kukumbukira onse amene anamwalira, ndipo kwaya yathu ingadzaimbe ngati tikufuna. Anandifunsanso ngati ndikufuna kukaonana ndi mlangizi wa ogwira ntchito.

Ndinathokoza. Ndinapita kukadyetsa bambo wa m'chipinda chija phala lake.

Sindinafune kuuza anthu pa foni. Ndinadikira Loweruka. Tsiku limenelo atcheya anali atanena kuti tibwere titavala yunifolomu, tiyeserere kaimidwe ndi kayendedwe. Nditatsika masitepe ndinapeza onse avala, azimayi ali ndi maduku oyera. Ena anabwera ndi amuna awo amene si a kwaya. Pa tebulo panali tiyi ndi mandasi.

"A besi afika," anatero bambo wa ku Chipata. "Mlendo wathu atera liti? Galimoto ndatsuka."

Ndinawauza.



"Kuwotcha?" anatero mayi wina wachikulire wa alito. "Popanda ngakhale pemphero?"

"Popanda."

"Mwana wa mchimwene wawo weniweni?"

"Eya."

Atcheya anakhala pansi. Iwo amagwira ntchito m'chipatala, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti zoterezi ankazidziwa, kungoti sanaziganizire pa munthu amene tinkamukonzera. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya duku.

"Manje nyimbo tizichita nazo bwanji?" anafunsa bambo wa ku Chipata. Sankaseka.

Wina anati tiimbe basi, Mulungu amva. Atcheya anaimirira n'kutiuza kuti tiime m'mizere. Anapereka mawu oyambira. Tinayamba yofatsa ija.

Nyimbo ya maliro imakhala ndi koyang'ana. Umayang'ana bokosi, kapena umayang'ana ofedwa. Ife kutsogolo kwathu kunali mipando ya pulasitiki yosanjikizana mpaka kudenga, ndi zithunzi zimene ana a Sande sukulu anajambula. Ndime yoyamba tinaimaliza. Pa yachiwiri azimayi a mawu apamwamba anayamba kukoka, ena anasiya, ndipo inenso ndinasiya. Atcheya anatsitsa dzanja. Yothamanga ija palibe anaitchula.

Tinamwa tiyi chiimirire. Azimayi anagawana mandasi otsala m'mapepala. Potuluka aliyense ankandigwira dzanja n'kunena kuti pepani, ngati mwini maliro ndine. Sindinawakanize. Panalibenso wina woti amupepese.

Kunyumba mkazi wanga anachotsa zofunda zija pabedi n'kuzibwezera m'kabati. Mwana wathu wamkazi, amene anabadwira kuno ndipo amagwira ntchito ku banki m'tauni, anabwera kudzationa Lamulungu. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Ndinamufotokozera zonse tili pa tebulo.

Anati n'zachisoni, koma anzake ambiri amachita choncho ndi makolo awo. Anati n'zosavuta, sizitopetsa anthu, ndipo iyenso angakonde zotero.

"Nanga ine?" ndinamufunsa.

"Adadi, musayambe."

"Ndikufunsa."

Anandigwira dzanja. Anati adzachita chilichonse chimene ndikufuna, adzaitana kwaya, adzaitana aliyense. Ndinamuuza kuti pa maliro saitana. Anati chabwino. Kenaka ananena moona mtima kuti nyimbo zathuzo iye amadziwa kayendedwe kake kokha, mawu ake sawadziwa.

Ndinaganiza za kwaya yathu. Tonse tili ndi imvi, ena amazibisa. Ana athu amatiperekeza pa galimoto mpaka pakhomo la tchalitchi, n'kudzatitenga tikamaliza.

Kumapeto kwa chaka mwambo wa makandulo uja unachitika masana a tsiku la ntchito. Sindinaitane kwaya. Ndinali pa shifiti, ndipo ndinathandiza kukankha okalamba pa mipando yawo ya matayala kupita nawo mu holo. Amanijala anatchula mayina onse motsatana. La mayi aja linali pakati, pambuyo pa bambo wina amene ankagulitsa matayala. Sananene kuti anali woimba. Nyimbo inachokera m'sipika ya padenga. Okalamba ambiri anali akugona.

Nthawi zina ndikakhala ndi mpata ndimalowa m'masitolo a kaunjika a ku Markham n'kuyang'ana pa mashelefu a nsapato. Sindinazipeze. Sindidziwanso chimene ndikanachita nazo.

Chipinda chija ndimagwiramobe. Bambo amene alimo salankhula, ndipo sadandaula ndi kapesedwe kanga. Pakhoma, moyang'anizana ndi bedi, pali kabowo ka msomali kamene penti sinatseke bwino. Ndikamamutembenuza bamboyo ndimapeza kuti mapewa anga ali pansi, mpweya ukuchokera pamimba, monga anandiphunzitsira. Nyimbo ziwiri zija ndimazidziwa bwino kuposa nyimbo ina iliyonse. Ku kwaya sitinaziimbenso.